Ndikufuna kuphunzira zofukula mabwinja a Agiriki ndi Aroma, ndiyambire pati?

Funso

"Ndine mtsikana wa zaka 19 wa ku Kasungu ndipo ndakhoza bwino mayeso a MSCE. Kusekondale ndinkakonda phunziro la mbiri, ndipo wansembe wa ku parishi kwathu anandiphunzitsako Chilatini pang'ono. Chionereni pa kanema mzinda wa Pompeii umene unakwiririka ndi phulusa, mtima wanga uli pa maphunziro ofukula zinthu zakale za Agiriki ndi Aroma. Bambo akuti ndichite zamalamulo kapena unamwino chifukwa kumeneko ntchito ziliko. Amalume akuti imeneyi ndi ntchito yofukula manda, komanso ndi za azungu, ife sizitikhudza. Kodi maphunziro amenewa ndi otani kwenikweni? Mmalawi angakawachite kuti? Nanga akamaliza amadya chiyani?"

Yankho

Zikomo achemwali polemba. Mtima ukhale m'malo, chimene mukulakalakachi si loto lopanda mutu. Ndi phunziro lenileni, lili ndi madigiri ake kuyambira yoyamba mpaka ya udokotala, ndipo Mmalawi angathe kulichita. Ine ndaliphunzitsa kwa zaka zambiri ndipo ndagwira nawo ntchito yofukula m'maiko a m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, choncho ndikuuzani zokoma zake ndi zowawa zake zomwe. Bambo anu musawaone ngati mdani. Pa mafunso onse amene ali m'kalata yanu, lawolo ndilo lolemera kwambiri, ndipo ndiliyankha mosapsatira.

M'mabuku a mayunivesite phunziroli mudzalipeza ndi dzina lakuti Classical Archaeology. Cholinga chake ndi kudziwa moyo wa Agiriki ndi Aroma kudzera m'zinthu zimene anasiya: nyumba, akachisi, misewu, mbiya, ndalama zachitsulo, ziboliboli, manda, mafupa a nyama zimene ankadya, ngakhalenso zotsalira za m'zimbudzi zawo. Nthawi yake ndi yaitali, kuyambira pa nyumba zachifumu za ku Knossos ndi Mycenae ku Greece zimene zinalipo zaka zoposa 1,200 Yesu asanabadwe, kufikira cha m'ma 600 AD. Dera lake nalonso ndi lalikulu, kuchokera ku khoma la Hadrian kumpoto kwa England mpaka ku Syria, kuchokera ku mtsinje wa Rhine mpaka m'mphepete mwa chipululu cha Sahara. Palibe munthu amadziwa zonsezi. Aliyense amadzasankha kagawo kake.

Chimene chimadabwitsa ophunzira ambiri chaka choyamba ndi chakuti fosholo saigwira n'komwe. Phunziroli linayamba ndi anthu okonda zaluso, monga Johann Winckelmann wa ku Germany amene mu 1764 anasindikiza buku losanja ziboliboli zakale potsata nyengo zake, ndipo mwambo umenewo ukadalipo. Mumakhala m'kalasi kuonetsedwa zithunzi zambirimbiri n'kumaziloweza. Pa mayeso amakuikirani chithunzi cha mzati kapena cha mtsuko kwa mphindi zochepa, inu munene kuti ndi chiyani, chinapangidwa liti, kuti, ndipo mwadziwira chiyani. John Beazley wa ku Oxford anatha moyo wake wonse akuyang'ana mitsuko yojambulidwa ya ku Athens mpaka ankazindikira dzanja la wojambula aliyense poona m'mene ankalembera khutu, bondo kapena kapindidwe ka nsalu. Diso lotere limabwera ndi kuyang'ana kwa zaka, ndipo amene alibe chipiriro cha kuyang'ana chinthu chimodzi nthawi yaitali amatopa msanga.

Ndikuuzeniretu kuti moyo wanu wambiri udzathera pa mapale. Golide ndi ziboliboli zokongola zimapezeka mwa apo ndi apo, koma mapale ali paliponse chifukwa dongo lootcha silivunda, ndipo kaumbidwe ka mbiya kankasintha m'badwo uliwonse, motero phale limodzi limatha kukuuzani zaka za dothi limene lapezekamo. Mu mzinda wa Roma, pafupi ndi mtsinje wa Tiber, muli phiri lotchedwa Monte Testaccio, lotalika mamita pafupifupi 35. Phiri lonselo ndi mapale okhaokha a mitsuko ya mafuta a azitona, ndipo akatswiri amayerekeza kuti mitsukoyo inali pafupifupi 53 miliyoni, yambiri yochokera kumwera kwa Spain. Mtsuko umodzi unkanyamula mafuta okwana makilogalamu pafupifupi 70. Akakhuthula mafutawo ankauswa, n'kusanja mapalewo bwinobwino, n'kuwaza laimu kuti pasanunkhe. Mukatola phale la pakhosi pa mtsuko n'kulipukuta, mumaona zolemba za inki: kulemera kwa mtsuko wopanda kanthu, kulemera kwa mafuta, dzina la wamalonda, ndi chizindikiro cha kalaliki wa boma amene anayeza katunduyo, nthawi zina ndi chaka chomwe. Heinrich Dressel anayamba kuwerenga zolembazi m'zaka za m'ma 1870. Olemba mabuku achiroma sanavutike kufotokoza za malonda amenewa, koma dzala limeneli latiuza m'mene boma linkadyetsera mzinda wa anthu pafupifupi miliyoni imodzi.

Nthawi zina phale limaulula zimene andale akanakonda zibisike. Ku Athens anthu ankatha kuvota kuti mtsogoleri wina achoke mumzinda kwa zaka 10, ndipo voti yake inali kukanda dzina lake pa phale. M'chitsime china kumpoto kwa phiri la Acropolis munapezeka mapale pafupifupi 190, onse olembedwa dzina la Themistocles, mmodzi wa atsogoleri a mzindawo, koma atawafufuza bwino anaona kuti anawalemba ndi anthu 14 okha. Zikuoneka kuti panali gulu limene linakonzeratu mavoti kuti ligawire anthu. Zaka 2,500 zapitazo zimenezo.

Pompeii imene inakukopaniyo imaphunzitsa chinthu china, chakuti zolembedwa ndi zofukulidwa siziyankhula chimodzimodzi nthawi zonse. Phiri la Vesuvius linaphulika mu 79 AD, ndipo makope a kalata ya wolemba wachiroma Pliny wamng'ono, amene anaona ngoziyo ali patali, amatchula tsiku la 24 August. Koma ofukula anapeza makangaza ndi zipatso zina za nyengo ya pambuyo pake, mbaula zoothera moto m'zipinda, ndipo mu 2018 anapeza mawu olembedwa ndi khala pa khoma otchula tsiku la 17 October. Mkanganowu sunatheretu, ndipo ophunzira amapatsidwa mafunso ngati amenewa kuti aphunzire kuyeza umboni. Matupi amene munawaona pa kanema aja si mitembo youma. Phulusa litauma, matupi anavunda n'kusiya mphako, ndipo mu 1863 Giuseppe Fiorelli anayamba kuthira pulasitala m'mphakomo kuti maonekedwe a munthuyo atuluke, mafupa ake ali m'kati.

Zimene zimandikhudza mtima ine kwambiri zili ku Vindolanda, malo a asilikali achiroma pafupi ndi khoma la Hadrian. Mu 1973 Robin Birley anapeza m'matope timatabwa topyapyala tolembedwa ndi inki, tosavunda chifukwa dothi lake ndi lonyowa ndipo mpweya sulowamo. Pa kena mayi wotchedwa Claudia Severa akuitana mnzake Sulpicia Lepidina kuti abwere ku phwando la tsiku lake lobadwa pa 11 September, cha m'ma 100 AD. Kalatayo analemba ndi mlembi, koma mawu otsanzikira kumapeto analemba yekha ndi dzanja losazolowera, ndipo ndi ena mwa mawu akale kwambiri a Chilatini olembedwa ndi mkazi amene tili nawo. Pa kena wina akudziwitsa msilikali kuti wamutumizira masokosi, nsapato ndi makabudula am'kati. Anthu otere m'mabuku a mbiri ya mafumu mulibemo.

Tsopano za kumalo ofukulira. Ku Greece, Italy kapena Tunisia ntchito imachitika miyezi yotentha, milungu inayi kapena isanu ndi umodzi. Mumadzuka kusanache, n'kugwira piki, fosholo ndi wilibala mpaka dzuwa litafika paliwombo. Pamene pafunika kusamala mumagwada n'kumapala dothi pang'onopang'ono ndi kachipande konga ka amisiri omanga nyumba, mukuyang'anitsitsa pamene mtundu wa dothi wasintha. Mfundo yake ndi yomwe mumaidziwa pa dzala la pakhomo, kuti zapansi ndi zimene zinatayidwa poyamba, kungoti anthu akale nawonso ankakumba maenje, zitsime ndi maziko n'kusokoneza zonse, ndiye ntchito yanu ndi kumasula chinayamba n'chiti. Gawo lililonse la dothi limapatsidwa nambala, limajambulidwa, limayezedwa, ndipo zonse zotulukamo zimalowa m'kathumba kolembedwa nambala yomweyo. Madzulo mumakhala pamthunzi ndi beseni la madzi ndi kabulashi kotsukira mano, kutsuka mapale limodzilimodzi n'kuwayanika pa sefa. Kathumba kakataya chikalata chake, zonse za m'menemo zasanduka zinyalala.

Kusamala konseku kuli ndi chifukwa. Kufukula ndi kuononga, malo amodzi simungawafukule kawiri. Heinrich Schliemann atapita ku Hisarlik ku Turkey m'zaka za m'ma 1870 kukafuna mzinda wa Troy, anakumba chingalande chachikulu pakati pa chitunda mothamangira pansi, ndipo anagumula zambiri za nthawi yeniyeni imene ankaifunayo. N'chifukwa chake masiku ano timakumba pang'ono n'kulemba zambiri, ndipo mwezi umodzi wa kumunda umabala zaka za ntchito ya m'nyumba zosungiramo katundu ndi m'laibulale. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa msika wakale wa Athens gulu la American School of Classical Studies linayamba kufukula mu 1931, ndipo mpaka lero ntchito ikupitirira.

Chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi zilankhulo, ndipo apa Chilatini chanu chija ndi chuma, musachisiye. Mayunivesite ambiri a ku Britain amalandira wophunzira wa digiri yoyamba ngakhale asakudziwa Chilatini kapena Chigiriki, koma mukafuna kupitirira, simungazithawe, chifukwa miyala ya pamanda, ndalama ndi mapale omwe ali ndi zolemba. Ku Germany nthawi zambiri amafuna satifiketi za mayeso otchedwa Latinum ndi Graecum. Kuonjezera apo, malipoti a zofukula ku Olympia ali m'Chijeremani, a ku Delphi m'Chifalansa, a ku Pompeii ambiri m'Chitaliyana, ndipo palibe amene adzakumasulireni. Sikuti muzilankhula bwino zonsezi, koma muzitha kuwerenga muli ndi dikishonale pambali. Ifeyo tili ndi mwayi umene sitiuwerengera: tinakula ndi zilankhulo ziwiri kapena zitatu, ndipo tinazolowera mawu osintha maonekedwe potsata ntchito yake m'chiganizo. Ophunzira a kuno amene ndawaona akuyamba Chigiriki sachita nacho mantha ngati anzawo odziwa Chingerezi chokha.

Nkhawa ya amalume ya manda ndiimvetsa, ndipo musaiseke. Zoona, manda akale amafukulidwa, ndipo mafupa amatiuza zambiri: zaka zimene munthu anafa nazo, matenda, zakudya, ngakhale dera limene anakulira, chifukwa mano amasunga chizindikiro cha madzi amene mwana ankamwa. Koma zimachitika ndi chilolezo cha boma, poyera, motsata malamulo, ndipo kawirikawiri manda amafukulidwa chifukwa pamalopo pakudutsa msewu kapena pakumangidwa nyumba, moti akanapanda kuchotsedwa mwaulemu akanaphwanyidwa ndi makina. Ngati chikumbumtima chanu sichilola, mungathe kugwira ntchito moyo wanu wonse pa mbiya, nyumba, ndalama kapena zolemba osakhudza fupa la munthu. Ponena za akuba a m'manda amene amagulitsa zinthu mozemba, amenewo ndiye adani athu enieni.

Pa mawu akuti ndi za azungu, apo ndiye sindivomereza. Gawo lina lalikulu la ufumu wa Aroma linali mu Africa. Tirigu wa ku Egypt ndi wa ku Tunisia ndiye ankadyetsa mzinda wa Roma. Mbale zofiira zoumbidwa ku Tunisia zinkagulitsidwa m'madera onse ozungulira nyanja ya Mediterranean kwa zaka mazana angapo, ndipo lero ndi zomwe timadziwira zaka za malo ambiri. Septimius Severus, amene analamulira ufumu wonse kuyambira 193 mpaka 211, anabadwira ku Leptis Magna ku Libya. Augustine Woyera anabadwira ku Thagaste, m'dziko la Algeria la lero, mu 354. Mabwinja a Timgad, Dougga, El Jem ndi Volubilis ndi ena mwa osungika bwino koposa padziko lonse. Ku Meroe ku Sudan, mu 1910, anafukula mutu wamkuwa wa chiboliboli cha mfumu Augustus utakwiriridwa pansi pa masitepe a kachisi. Asilikali a ku Kush, dziko la mafumu aakazi otchedwa Kandake amene mumawamva m'buku la Machitidwe, anaudula pa nkhondo kumwera kwa Egypt n'kukauika pamene anthu aziuponda polowa. Ndipo buku lina la Chigiriki la amalinyero, la m'zaka 100 zoyambirira AD, limatchula msika wa Rhapta m'mphepete mwa nyanja kum'mawa kwa Africa kumene ankagula minyanga ya njovu. Felix Chami wa pa yunivesite ya Dar es Salaam wakhala akufufuza nkhani imeneyi cha ku Rufiji ndi chilumba cha Mafia.

Kwathu kuno Aroma sanafike, ndipo wina akadzakuuzani kuti wapeza bwinja lachiroma m'Malawi musamukhulupirire. Koma pali chifukwa china chimene ndimafunira ana a mu Africa m'phunziroli. Kwa nthawi yaitali linkagwiritsidwa ntchito pokweza Ulaya n'kuchepetsa ena. Atsamunda ataona makoma a Great Zimbabwe ananena kuti munthu wakuda sakanawamanga, n'kumatchula Afoinike ndi mfumukazi ya ku Sheba, mpaka David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 anasonyeza ndi umboni wa m'dothi kuti omanga anali eni dziko. Ngakhale kuyera kwa mbee kwa ziboliboli zachigiriki, kumene anthu ankakutamanda, si m'mene zinalili. Zinali zopakidwa utoto wowala, ndipo zotsalira zake zimaoneka ndi nyali zapadera. Munthu amene anakulira kumene mbiya zikuumbidwabe ndi manja, kumene mfumu ikuweruzabe milandu pabwalo ndipo nsembe ya makolo si nkhani ya m'buku, amafunsa mafunso amene mnzake wa ku London sangawaganize. Amalume ngati ndi opemphera muwauzenso kuti mwala wopezeka ku Delphi wotchula Gallio, bwanamkubwa wachiroma wa m'buku la Machitidwe, ndiwo umatithandiza kudziwa kuti Paulo anali ku Corinth cha m'ma 51 AD, ndipo mwala wina wopezeka ku Caesarea mu 1961 uli ndi dzina la Pilato.

Nanga njira yake? Malangizo anga ndi akuti digiri yoyamba muchitire konkuno. MSCE payokha nthawi zambiri siikwana kulowera mwachindunji m'mayunivesite a ku Britain kapena ku Germany, amafuna A-level kapena chaka chokonzekera, ndipo ndalama zake ndi zoopsa. M'mayunivesite ambiri otchuka a ku Britain mlendo amalipira mapaundi oposa 20,000 pachaka, osawerengera nyumba ndi chakudya. Ku Germany mayunivesite ambiri a boma salipiritsa fizi, ngakhale chigawo cha Baden-Württemberg, kumene kuli Heidelberg ndi Tübingen, chimalipiritsa alendo mayuro 1,500 pa semesita, koma kuti mupeze visa muyenera kuonetsa mayuro oposa 11,000 a chaka chimodzi ali ku banki. Thandizo la ndalama la digiri yoyamba ndi losowa kwambiri. La digiri yachiwiri ndiye limapezekako.

Malawi ali ndi mwayi umene maiko ambiri oyandikana nafe alibe. Dr Kamuzu Banda ankakonda kwambiri Chilatini ndi Chigiriki, n'chifukwa chake Kamuzu Academy ku Mtunthama, kwanu komweko, yakhala ikuziphunzitsa chiitsegulireni mu 1981, ndipo ku Chancellor College ku Zomba maphunziro amenewa anakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1980 zomwezo. Mayina a madipatimenti amasintha, choncho musanasankhe pa fomu ya NCHE, onani ndondomeko ya chaka chino ya Yunivesite ya Malawi ndi mayunivesite ena, muone kumene mungaphatikize mbiri, zofukula zakale ndi zilankhulo zakale. Ubwino wina ndi wakuti kuno mungapemphe ngongole ya boma ya ophunzira.

Muli pa digiriyo, funani mpata wofukula nawo kuno kwathu. Ichi ndicho chimene ndingachitsindike koposa. Kagwiridwe ka chipande, kawerengedwe ka dothi ndi kajambulidwe ka phale n'chimodzimodzi kulikonse. Dr Yusuf Juwayeyi anafukula ku Mankhamba ku Dedza, likulu la Amaravi, n'kupeza mikanda yagalasi, mapale a mbale za ku China, mkuwa ndi minyanga. Ku Karonga ndi ku phiri la Hora ku Mzimba kwakhala kukubwera magulu ofufuza za anthu akale kwambiri, ndipo zojambula za m'mapanga a Chongoni zinalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006. Lemberani a Dipatimenti ya Museums and Monuments mudzipereke kuthandiza pa tchuthi, ngakhale kutsuka mapale chabe. Pofunsira digiri yachiwiri kunja, wophunzira amene wagwirapo ntchito yeniyeni kumunda ndipo ali ndi kalata ya katswiri womuchitira umboni amaposa amene ali ndi magiredi okha.

Mukamaliza bwino, makomo amatseguka. Oxford ili ndi digiri yachiwiri ya Classical Archaeology, ndipo mayunivesite ena a ku Britain, Leiden ku Netherlands, ndi yunivesite ya Athens ali ndi maphunziro ofanana nawo m'Chingerezi. Thandizo mungalifune ku Commonwealth, Rhodes, Gates Cambridge, Beit Trust imene imathandiza a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, DAAD ya ku Germany, ndi Erasmus Mundus. Chevening imafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito zaka ziwiri. Dziwani kuti ambiri mwa opereka thandizowa amakondera maphunziro a zaumoyo, ulimi ndi chitukuko, ndiye muyenera kufotokoza momveka chimene dziko lanu lidzapindule. Pafupi pompano, Stellenbosch, Cape Town ndi UNISA amaphunzitsa za dziko lakale la Agiriki ndi Aroma, ndipo yunivesite ya KwaZulu-Natal ku Durban ili ndi kanyumba kosungiramo zinthu zenizeni za nthawi imeneyo kumene mungazione ndi maso.

Tifike pa funso la bambo. Ntchito yokhazikika yophunzitsa phunziroli pa yunivesite ndi yosowa padziko lonse. Anthu anzeru kwambiri, a digiri ya udokotala, amatha zaka akudumpha kuchoka pa kontilakiti ya chaka chimodzi kupita pa ina, ndipo ambiri amadzasiya. Ku Britain ofukula ambiri amalembedwa ndi makampani amene amafufuza malo asanamangidwepo, koma malipiro ake ndi ochepa ndipo kwa mlendo chilolezo chogwirira ntchito chimavuta. Kuno kwathu ntchito yofukula za Aroma kulibe. Zimene zilipo ndi uphunzitsi, ntchito za m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, zokopa alendo, ndi kufufuza malo amene pakufuna kudutsa msewu, mgodi kapena damu, pakuti malamulo a dziko lino ndi a mabungwe obwereketsa ndalama amafuna kuti zinthu zakale zitetezedwe. Akatswiri a ntchito yomalizayi ndi ochepa m'Malawi.

N'chifukwa chake ophunzira anga ndimawauza kuti atuluke ndi luso limodzi logwirika m'manja: kujambula mapu pa kompyuta ndi GIS, kuyeza malo, kuzindikira mafupa a nyama kapena mbewu zopserera, kukonza ndi kusunga zinthu zakale, kapena kufufuza dongo ndi zitsulo mu labotale. Gulu lililonse lofukula limasowa anthu otere, ndipo luso ngati la mapu limakupezetsani ntchito ku zankhalango, zamalo kapena m'mabungwe pamene zofukula zavuta. Maganizo a bambo a zamalamulo nawonso sali kutali monga mukuganizira. Greece yakhala ikupempha kwa zaka zambiri kuti ziboliboli za kachisi wa Parthenon, zimene Lord Elgin anatenga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, zichoke ku British Museum zibwerere kwawo. Zambia ikufuna chigaza chakale chimene chinapezeka ku Kabwe mu 1921 ndipo chili ku London. Italy inakwanitsa kubwezeretsa mtsuko wotchuka wa Euphronios kuchokera ku New York mu 2008. Milandu yotere imafuna maloya odziwa zinthu zakale, ndipo mu Africa alipo ochepa.

Pali zingapo zoti musamale nazo. Banja lisagulitse munda kapena nyumba, kapena kutenga katapila, kuti mukachite phunziroli kunja. Malipiro ake sadzabweza ndalamazo. Chenjerani ndi anthu odzitcha maejenti olonjeza malo ndi thandizo mukawapatsa ndalama, pakuti mabungwe onse ndatchulawa mumafunsira nokha pa intaneti. Masukulu ofukula a nthawi ya tchuthi ku Italy ndi Greece ambiri amalipiritsa ndalama zochuluka, ndipo musanalipire fufuzani ngati akutsogoleredwa ndi yunivesite yodziwika komanso ngati amasindikiza zimene apeza. Poti ndinu mtsikana ndinenenso ichi: kumalo ofukulira anthu amakhala motalikirana ndi kwawo, akuluakulu ndi ophunzira nyumba imodzi, ndipo nkhanza kwa atsikana zachitikapo m'maiko ambiri. Musanapite funsani ngati gululo lili ndi malamulo olembedwa ndi munthu wokadandaulako amene si mtsogoleri wa gululo. Katemera wa kafumbata akhale wapompano, ndipo ngati muli ndi mphumu, vuto la msana kapena la mawondo, kaonaneni ndi dokotala kaye chifukwa fumbi ndi kugwada ndi za tsiku lililonse.

M'miyezi imene mukudikira kusankhidwayi, dziyeseni nokha. Pitirizani Chilatini ndi wansembe uja, theka la ola tsiku lililonse, ndipo phunzirani zilembo 24 za Chigiriki, zimene zimatheka m'sabata imodzi. Pa intaneti pali Perseus Digital Library imene ili ndi mabuku akale ndi matanthauzo ake kwaulere, pali Beazley Archive ya zithunzi za mitsuko, ndipo makalata a ku Vindolanda nawo alipo. Sankhani mtsuko umodzi, muujambule pa pepala, mulembe zonse zimene mukuona musanawerenge zimene akatswiri ananena. Ngati patatha miyezi itatu mukufunabe kuona wina, ndiye kuti si kanema yekha amene anakukopani.

Kenako lemberani mphunzitsi wa mbiri kapena wa zilankhulo zakale ku Zomba kalata yaifupi: ndinu ndani, munakhoza bwanji, mwawerengapo chiyani, ndipo mukupempha mphindi zochepa zokambirana za maphunziro oti muphatikize. Akakuyankhani, pemphani bambo kuti mupite nawo limodzi kapena alankhule nawo pa foni, afunse okha za fizi, za ngongole, ndi za kumene ophunzira a zaka zapitazi akugwira ntchito lero. Ngati kunyumba nkhaniyi yafika poyambanitsa, pemphani mphunzitsi wamkulu wa sukulu yanu yakale kapena wansembe uja akhale nanu pansi pamodzi ndi bambo ndi amalume tsiku lotseka mafomu lisanafike.